Kutsatira milongoti ya radar, kuchokera ku Weedon mpaka ku Bruneval

Tsiku loyamba, Weedon

Ku Daventry kulibe siteshoni ya sitima. Kuchokera ku London Euston munthu amatsikira pa Long Buckby, n'kudikira basi kapena kupempha takisi. Basi inachedwa, mvula ikuwaza pang'onopang'ono, ndipo mayi wina wogulitsa tiyi ndi amene anandilozera njira ya kumunda kumene radar ya Britain inayambira, luso loona ndege zili kutali ndi mafunde a wailesi. Pamalopo pali mwala wachikumbutso m'mbali mwa msewu, kuseri kwake minda basi.

Mu Januwale 1935 akuluakulu a ku Britain oona za nkhondo ya mumlengalenga anafunsa katswiri wa wailesi Robert Watson-Watt ngati n'zotheka kupha woyendetsa ndege ndi mafunde a wailesi. Mnzake Arnold Wilkins atawerengetsa anapeza kuti mphamvu yofunika ndi yoposa msinkhu. Koma anawonjezera mfundo ina: ndege ikadutsa m'mafundewo imabweza ena pansi, ndipo obwererawo angathe kumveka. Pa 26 Febuluwale 1935 anayesa m'munda uno. Analibe chotumizira mafunde chawochawo, anadalira wailesi ya BBC ya pa phiri la Borough Hill, yomwe inkaulutsa pa mafunde a mamita 49. Ndege inali Heyford, mapiko ake mamita pafupifupi 23, kutanthauza pafupi ndi theka la funde, ndipo chitsulo cha utali wotero chimabweza mafunde mwamphamvu. Luso lenileni linali pa mawaya awiri olandirira. Anawalumikiza mwakuti mafunde ochokera molunjika ku Borough Hill azifafanizana, kuti pagalasi pazioneka zokhazo zogunda ndege. Kadontho kobiriwira kanatalika, kufupika, kutalikanso, mpaka ndegeyo itafika mtunda wa mamailosi 8.

Nsapato zanyowa mpaka mkati. Mawa ndi ulendo wa kum'mawa.

Tsiku lachiwiri, Woodbridge ndi Orford Ness

Sitima ya ku Liverpool Street imafika ku Ipswich, pamenepo n'kusintha kukwera kasitima ka ku Woodbridge. Ku Orford mabasi ndi osowa, choncho bwerani mutapangana kale ndi wa takisi za nthawi yobwerera. Kaboti kowolotsa mtsinje wa Ore kamangotenga mphindi zochepa, koma malo amasungitsiratu, ndipo sikuti tsiku lililonse amatsegula. Kutsidyako ndi miyala yokhayokha ndi mphepo yosaleka. Zikwangwani zimachenjeza kuti osapatuka m'njira chifukwa pansipo patsala mabomba osaphulika. Ndinayenda mwamantha ndithu, kuponda pomwe ena aponda.

Gulu la Wilkins linafika kuno mu Meyi 1935, ndipo pa 17 Juni anaona ndege yotera pamadzi ili mamailosi 17. Apa anali atayamba kutumiza mafunde modukiza. Masamu ake ndi osavuta: funde limayenda mamita 300 pa maikulosekondi imodzi, koma liyenera kupita ndi kubwerera, ndiye maikulosekondi iliyonse ya kuchedwa ndi mamita 150 a mtunda. Ndege ili pa makilomita 150, yankho limabwera pakatha milisekondi imodzi.

Chakumpoto kukuoneka chinyumba chotuwa chopanda mawindo, cha Cobra Mist, radar ya Amereka ndi Britain yomwe inkayenera kuona kuseri kwa malekezero a thambo, mkati mwa mayiko a Soviet, pogunditsa mafunde kumtunda kwa mlengalenga. Inatsekedwa mu 1973 chifukwa cha phokoso lomwe linkabisa zinthu zoyenda, ndipo akatswiri analephera kupeza gwero lake.

Pobwerera msewu umadutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Woodbridge, lomwe linali lotera ndege zowonongeka. Pa 13 Julayi 1944 ndege yosaka usiku ya Germany, Ju 88, inatera pano molakwitsa, oyendetsa atatsata kampasi chobwerera ndipo mafuta atatsala pang'ono kutha. Mkati mwake munali chipangizo chotchedwa Flensburg. Ndege za Britain zoponya mabomba zinali ndi karadar kumchira, Monica, koti kazichenjeza mdani akamabwera kumbuyo. Flensburg inkangomvera Monica n'kumutsata. Chida choteteza chinali chitasanduka nyali yoitana wakupha, ndipo Monica anachotsedwa m'ndegezo. Chilichonse chotulutsa mafunde chimadziulula chokha, ndipo womvera amachimva ali kutali kuposa pomwe icho chingamuone, popeza iye akumva funde lopita pamene icho chikudikira kachidutswa kobwerera.

Tsiku lachitatu, Bawdsey

Ndinazungulira dala kudzera ku Felixstowe kuti ndiwoloke Deben pa kaboti ka anthu oyenda pansi. Kaboti kakakhala kutsidya, pali kathabwa koti ukupize kuti woyendetsa akuone. Kuchokera padoko kukafika ku nyumba ya makina otumizira mafunde ndi ulendo wapansi, ndipo chakudya gulani musanawoloke.

Bawdsey inakhala siteshoni yoyamba ya Chain Home, mndandanda wa masiteshoni a radar m'gombe la Britain, mu Sepitembala 1937. Amene anazolowera radar ya mbale yozungulira adzadabwa, chifukwa apa panalibe chozungulira. Panali nsanja zachitsulo za mafiti 360, mawaya otumizira atamangidwa pakati pake, akuwalitsa nyanja yonse kutsogolo ngati nyali ya pabwalo. Chapatali panali nsanja zamatabwa za mafiti 240 zolandirira, zamatabwa kuti chitsulo chisapotoze mafunde obwerera. Nsanja yomaliza yachitsulo ya pano inagwetsedwa mu 2000, kwatsala maziko.

Ankatumiza pa 20 mpaka 30 MHz, mphamvu ya makilowati 350, kugunda kumodzi kwa funde kotalika mamaikulosekondi 20, kugunda ka 25 pa sekondi. Chiwerengero cha 25 sichinasankhidwe mwangozi. Ndi theka la 50 ya magetsi a dziko lonse, ndipo siteshoni iliyonse inapatsidwa kanthawi kake m'kayendedwe ka magetsiwo kuti isasokoneze inzake. Mpata waukulu pakati pa kugunda ndi kugunda unkalolanso kuti mafunde obwerera kuchokera kutali kwambiri azime kaye. Mu Ogasiti 1939 chombo cha mumlengalenga cha Germany, Graf Zeppelin, chinayenda m'mbali mwa gombeli chitadzaza ndi zomvera. Anamva kulira kokhala ngati kwa magetsi, sanakuzindikire kuti ndi radar, chifukwa awo ankagwira pa mafunde aafupi kwambiri ndipo ankafuna zofanana ndi zawo.

Mtunda unkawerengeka bwino pagalasi. Mbali ndi imene inkavuta. Mtsikana wa WAAF, gulu la akazi othandiza asilikali a ndege, ankapotokola chogwirira cha goniometer, chomwe chimayerekeza mawaya awiri opingasana, mpaka chizindikiro cha ndege chitazimiririka, n'kuwerenga madigiri pamenepo. Amasaka pozimira osati pokwera, chifukwa pozimira ndi pakuthwa. Kutalika kwa ndege kunkapezeka poyerekeza mphamvu ya chizindikiro pa mawaya a m'mwamba ndi a m'munsi, koma kumeneku kumadalira mmene nthaka ya kutsogolo kwa siteshoni ikubwezera mafunde, ndiye siteshoni iliyonse inkafunika kuyezedwa payokha ndi ndege youluka pa malo ndi kutalika kodziwika. Chiwerengero cha ndege chinali cha diso la munthu: ndege imodzi imapereka chizindikiro chokhazikika, ziwiri chimagunda ngati mtima, zambiri chimanjenjemera. Ndege zouluka pansi kwambiri sizinkaoneka, n'chifukwa chake anawonjezera Chain Home Low pa mafunde a mita imodzi ndi theka.

Ajeremani pambuyo pake anapezerapo mwayi. Makina awo a Klein Heidelberg sankatumiza kanthu, ankangomvera mafunde a Chain Home ndi kubwerera kwake, n'kuona ndege za Britain ndi nyali ya Britain yomwe.

Tsiku lachinayi, Uxbridge

Ndi kumapeto kwa njanji ya Metropolitan, ola lathunthu uli chikhalire. Kuchipinda cha pansi, komwe ankayendetsera nkhondo ya mumlengalenga, kumatsikidwa masitepe 76, mafiti 60 pansi pa nthaka, ndipo pokwera mawondo amadandaula.

Kwa ine malo ano ndi ofunika kuposa nsanja zonse. Radar ya Germany ya nthawi imeneyo, Freya, inali yabwino kuposa Chain Home pa zinthu zingapo. Chimene Hugh Dowding, mkulu wa ndege zoteteza Britain, anapambana nacho ndi njira yoyendetsera uthenga. Siteshoni ziwiri zikaona gulu limodzi la ndege zinkapereka malo awiri osiyana, makamaka chifukwa cha vuto la mbali lija. Uthenga wonse unkapita patelefoni ku chipinda chosefera ku Bentley Priory. Wosefa ankakhulupirira mtunda kuposa mbali: ankajambula mizere ya mtunda kuchokera ku siteshoni ziwirizo, pomwe yakumana n'kuika ndege pamenepo. Kenako mzere umodzi woyera unkatumizidwa kuno, ku likulu la 11 Group, gulu la ndege zoteteza London lotsogozedwa ndi Keith Park. Ndege zikangodutsa gombe, Chain Home inkasiya kuziona popeza inkayang'ana kunyanja, ndipo ntchito inkatsala ndi anthu a Observer Corps, maso ndi makutu.

Pakhoma pali wotchi ya timakona tofiira, tachikasu ndi tabuluu, mtundu uliwonse mphindi zisanu. Woika zizindikiro patebulo ankatenga muvi wa mtundu womwe dzanja la mphindi lalozapo. Mkulu ali pamwamba akangoyang'ana ankadziwa kuti uthenga uwu ndi watsopano, uwu wakalamba, ndipo mivi ya mtundu wakale kwambiri inkachotsedwa. Uthenga wa mphindi khumi zapitazo pa ndege yothamanga mamailosi atatu kapena anayi pa mphindi ndi bodza.

Pa 12 Ogasiti 1940 Ajeremani anaphulitsa masiteshoni a Dover, Rye, Pevensey, Dunkirk ya ku Kent ndi Ventnor. Nsanja za timizere tachitsulo sizigwa msanga, mphepo ya bomba imangodutsa. Ambiri anayambanso kugwira patangopita maola. Ventnor inakhala chete masiku angapo, koma mafunde anapitiriza kutumizidwa kuti omvera a kutsidya aganize kuti mpata kulibe. Pa 15 Ogasiti Göring, mkulu wa ndege zankhondo za Germany, anakayikira ngati kupitiriza kuli ndi phindu.

Tsiku lachisanu, Alexandra Palace

Chikweza chochokera pa siteshoni n'chachifupi koma chotopetsa. Mlongoti wa wailesi yakanema ya BBC, yomwe inayamba kuno mu Novembala 1936 n'kutsekedwa pa 1 Sepitembala 1939, ukadalipo.

Nkhondo ya mizere ya mafunde inayamba ndi Knickebein, njira ya Ajeremani yolondolera ndege zawo zoponya mabomba usiku. Mlongoti unkatumiza madontho mbali imodzi ndi timizere mbali ina, ndipo pakati, pomwe ziwirizo zalowana, woyendetsa ankamva kulira kosadukiza. Mzere wachiwiri unkadutsa woyambawo pamwamba pa malo oponya bomba. Wasayansi wa ku Britain R. V. Jones, ali ndi zaka 28, anaganizira kuti mizereyi ilipo chifukwa cholandirira chothandiza kutera mu ndege zogwa chinali chakumva kwambiri kuposa ntchito ya kutera. Akatswiri ena ankati mafunde a 30 MHz sangapindike kutsata dziko kuchokera ku Kleve, ku Germany. Usiku wa 21 Juni 1940 ndege ya Anson yonyamula wailesi ya Hallicrafters inapeza mzerewo pafupi ndi Spalding, wopapatiza mayadi 400 kapena 500, ukulunjika cha ku Derby komwe kunali fakitale ya injini ya Rolls-Royce. Zosokonezera zoyamba zinali makina a m'zipatala otenthetsera minofu, osinthidwa kuti azitulutsa phokoso. Kenako kunabwera Aspirin, yomwe inkatumiza timizere towonjezera kuti woyendetsa asapeze pakati.

X-Gerät inali yolondola kwambiri, ya mizere yopingasa ingapo ndi wotchi yomwe inkawerengera yokha liwiro n'kumasula mabomba. Zosokonezera zake, Bromide, zinaikidwa kulira kwa 1,500 Hz pamene chenicheni chinali 2,000 Hz, ndipo cholandirira cha m'ndege chinali ndi sefa yopapatiza yomwe inkataya kulira kolakwikako. Usiku womwe mzinda wa Coventry unaphulitsidwa, 14 Novembala 1940, cholakwikachi chinali chisanakonzedwe. Anthu amatsutsanabe ngati kukonza kukanapulumutsa mzindawo, popeza kunali mwezi wowala.

Y-Gerät inali ya mzere umodzi. Siteshoni ya pansi inkatumiza kulira, ndege n'kukubweza pa funde lina, ndipo kuchedwa kwake kunkapereka mtunda. Tsoka lake, inkagwira pafupi ndi 45 MHz, pomwe makina a pano anamangidwira. Kuyambira mu Febuluwale 1941 Angerezi ankalandira chomwe ndege yabweza n'kuchitumizanso kwa iyo pa funde la siteshoni ya pansi. Kulirako kunkazungulira ngati chimkuzamawu choyandikira maikolofoni, mtunda n'kusokonekera. Anayamba ndi mphamvu yochepa, kuti oyendetsa ndi a pansi aziganiza kuti makina awo ndi amene afa n'kumalozana zala. Kusokoneza kwabwino n'komwe mdani sakudziwa kuti kukuchitika. Ajeremani anabweza chimodzimodzi mu Febuluwale 1942: mkulu wawo wa zamawailesi Wolfgang Martini anakweza phokoso losokoneza radar pang'onopang'ono kwa masiku angapo mpaka Angerezi analizolowera ngati la nyengo, ndipo pa 12 Febuluwale zombo za Scharnhorst ndi Gneisenau zinadutsa mu English Channel.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, panyanja

Portsmouth mpaka Ouistreham ku France, maola ngati asanu ndi limodzi. Nyanja yawinduka, chakudya sichikulowa. Bambo wina woyendetsa lole wandipatsa mabisiketi a jinja osanena zambiri.

Ndili ndi kapepala ka masentimita 27 m'litali ndi 2 m'lifupi komwe ndadula kuti ndione kukula kwa Window, timapepala tomwe ndege za Britain zinkaponya kuti tisokoneze radar. Kanali pepala lakuda lomatidwa aluminiyamu mbali imodzi. Radar ya Germany ya Würzburg inkagwira pa masentimita 53, ndipo theka lake ndi limenelo. Joan Curran ndi amene anayesa maonekedwe osiyanasiyana mpaka kupeza oyenera. Mtolo wa timapepala ngati 2,000 unkaoneka pagalasi ngati ndege yaikulu imodzi, ndipo ndege iliyonse inkaponya mtolo pa mphindi. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa njirayi, Ajeremani ankaitcha Düppel, ndipo onse anaibisa kwa nthawi yaitali poopa kuphunzitsa mnzawo. Inagwiritsidwa ntchito koyamba usiku wa 24 Julayi 1943 ku Hamburg: ndege 791 zinanyamuka, 12 sizinabwerere. M'masiku otsatira anthu oposa 30,000 anafa mumzindamo, ambiri ndi moto wa usiku wa 27 Julayi. Kapepalaka m'manja n'kopepuka moti kamachititsa nthumanzi.

Yankho linabwera msanga. Timapepala timayandama ndi mphepo pamene ndege imathamanga, ndiye chowonjezera cha Würzlaus chinkasiyanitsa ziwirizo poona kusintha kwa funde lobwerera.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Douvres-la-Délivrande

Makilomita ochepa kuchokera kudoko, pakati pa minda. Buledi ndi tchizi za m'mawa zakwanira tsiku lonse. Apa pali Würzburg-Riese, mbale ya mamita 7.5. Pakati pake kawaya kotumizira kamakhala kopendekeka pang'ono ndipo kamazungulira, motero mzere wa mafunde umajambula kabwalo. Ndege ikakhala pakati penipeni chizindikiro sichisintha, ikapatuka chimakwera ndi kutsika, ndipo woyendetsa amatembenuza mbale mpaka chikhazikike. N'chifukwa chake inkatha kulozera mizinga.

M'dongosolo la Ajeremani lotchedwa Himmelbett dera lililonse linali ndi Freya imodzi yochenjeza ndi ma Würzburg awiri, wina wotsata mdani, wina wotsata ndege yawo, malo a ziwirizo akuwalitsidwa pa tebulo lagalasi. Zolondola, koma dera limodzi linkalondolera ndege yosaka imodzi pa nthawi. Kuyambira pa chiwembu cha Cologne cha 30 Meyi 1942 Angerezi ankadutsitsa ndege zonse mothinana m'dera limodzi, n'kulilemetsa. Asilikali a siteshoni ino anakana kugonja mpaka pa 17 Juni 1944, makina ali chete kalekale.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Bruneval

Sitima ndi basi kudzera ku Le Havre, kulowera njira ya Étretat, kenako wapansi kutsika chigwa chopapatiza mpaka kugombe la miyala. Maphompho oyera mbali zonse. Kumwera kukuoneka doko la mafuta la Antifer.

Pa 5 Disembala 1941 Tony Hill anajambula kuchokera mu Spitfire kambale ka radar ya Würzburg ka mamita atatu pamwamba pa phomphopo. Usiku wa 27 Febuluwale 1942 asilikali a maparachuti a Britain ngati 120 motsogozedwa ndi John Frost anatera pa chipale chofewa, ali ndi makaniko wa radar C. W. H. Cox. Zomangira zina zinakana sikuludilaiva, ndiye anazula ndi zitsulo, kawaya ka pakati pa mbale n'kudula ndi sowo. Anatsikira pagombe lino, maboti atachedwa. Awiri anafa, asanu ndi mmodzi anagwidwa. Zomwe anabweretsa zinaonetsa makina omangidwa bwino, a zigawo zosintha mosavuta, koma okhazikika pa funde lopapatiza, ndipo woyendetsa makinawo yemwe anamugwira anali wosaphunzitsidwa mokwanira. Zonsezi zinkatanthauza kuti angasokonezeke. Manambala a pa timalata ta fakitale anathandiza kuyerekeza kuchuluka kwa opangidwa. Ajeremani atazunguliza masiteshoni awo ndi waya waminga, udzu wa mkati unakula mosiyana ndi wa kunja ndipo malowo anayamba kuonekera pa zithunzi za m'ndege. Angerezi nawo anachita mantha, mu Meyi 1942 anasamutsa akatswiri awo kuchokera kugombe la Swanage kupita ku Malvern.

Kutsogolo kwa gombe lomweli, usiku wa 5 Juni 1944, woti mawa lake asilikali a Britain ndi anzawo atsike ku Normandy, ma Lancaster a 617 Squadron anajambula gulu la zombo lomwe kunalibe. Ndege zinkauluka mphindi ziwiri ndi theka kulunjika gombe, kutembenuka, mphindi ziwiri ndi masekondi khumi kubwerera, zikuponya Window motsata wotchi. Kuzungulira kulikonse kunkasunthira kutsogolo mailosi imodzi, motero mtambo wonse unkayandikira pa liwiro la chombo, manoti 8. Pansi timaboti tinkakoka zibaluni zokhala ndi zobwezera mafunde. Kulakwitsa masekondi ochepa kukanachititsa zombo kulumpha pagalasi. Pophulitsa masiteshoni a radar a Ajeremani masabata am'mbuyomo anasiyako ena dala, chifukwa bodza lifunika wolionera. Chinyengo chinzake cha ku Boulogne, cha ma Stirling a 218 Squadron, ndi chimene chikuoneka kuti chinakopa Ajeremani kwambiri, mpaka mizinga inawombera timapepala.

Basi yomaliza yobwerera ku Le Havre imanyamuka kumtunda, ndipo chigwachi pokwera n'chachitali kuposa potsika.